Apongozi Anga Ndinkawadziwa Mapazi Okha

Masiku apitawa ndataya apongozi anga kachiwiri. Koyamba anawatenga ndi Mulungu, chaka chatha, ndipo palibe amene anandiloza chala. Kachiwiri ndawataya ndine ndekha, ndi chala changa chomwechi, ndili chikhalire pampando, kapu ya tiyi ili pambali.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ine sindinama. Ndine mphunzitsi, ndipo bodza ndi choko sizigona m'thumba limodzi. Choncho zonse ndikuuzeni pano ndi zoona zokhazokha. Wokayika akwere minibasi, atsike pa Namitete, afunse nyumba ya mphunzitsi amene sabata ino akuyenda moyang'ana pansi. Aliyense amulozera.

Nkhani ili chonchi. Loweruka lino kumudzi kwa mkazi wanga, cha ku Nsaru, kuli mwambo wovundukula chiliza cha amayi ake, malemu Naphiri. Abale anagwirizana kuti pakhale chithunzi chachikulu cha m'felemu choimika pachiliza, komanso matisheti a banja lonse okhala ndi nkhope ya malemu pachifuwa. Wosindikiza kutauni anati chithunzi chimufike Lachinayi, apo ayi tidzavale matisheti a mawu okha, ngati timu ya mpira yosowa wothandiza.

Vuto n'lakuti Naphiri sankafuna kujambulidwa. Ukangotulutsa foni ankadziphimba ndi chitenje n'kunena kuti, "Mukundijambuliranji, mwamva kuti ndikufa?" Chithunzi cha pachitupa chawo chilipo, koma mkazi wanga anachikana. Akuti akuoneka ngati munthu amene wagwidwa ndi thumba la makala pachipata cha apolisi.

Chithunzi chabwino chinali chimodzi chokha. Chaka china mtedza utawayendera bwino, anapita okha kwa wojambula pa Namitete, osauza munthu. Chapepalacho chinadyedwa ndi chiswe chili pakhoma. Mwamwayi chiswe chisanafike, mkazi wanga, mayi a Takondwa, anali atachipititsa kusitolo ya zojambula, anachilowetsa m'fulashi, n'kudzachisunga m'laputopu yanga. Fulashiyo inachapidwa limodzi ndi buluku langa. Mng'ono wake wa mkazi wanga, Tamanda, anali nacho m'foni, foniyo inatsala m'manja mwa munthu wina padepoti. Ndiye kuti padziko lonse lapansi Naphiri anatsala malo amodzi: m'laputopu ya mkamwini wawo.

Mkamwiniyo ndi ine.

Tsopano achinyamata a m'tauni, inu amene mumakhala pasofa imodzi ndi apongozi anu n'kumalimbirana rimoti, khalani pansi ndikuuzeni mmene ife tinaleredwera. Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Ukakumana nawo panjira umapatuka. Iwonso amapatuka. Mukafuna kupatsana moni, wina amanjuta kuseri kwa nkhokwe, wina amayankha kuchokera kukhitchini, mawu amakumana okha pabwalo.

Ine mwambo umenewu ndinausunga kuposa mkamwini aliyense amene anakhalapo pakati pa Namitete ndi Kabudula. Zaka zoyamba za ukwati wathu ndinakhala pachikamwini, ndipo munda wa fodya wa oyandikana nawo unali ndi njira yangayanga yothawira. Inapondeka mpaka lero akabaza amadutsamo. Tsiku lina tinakumana panjira yopita kudimba, tonse n'kuthawira mbali imodzi. Tinakumana m'chimanga. Aliyense anatembenuka kubwerera kunjira, tinakumananso. Ndikulumbira, chimanga chimenecho chinakhwima tikuthawana.

Ndiye ndinkawadziwa bwanji apongozi anga? Mapazi.

Mapazi amenewo ndikanawazindikira pakati pa msika wa Nsaru tsiku la Loweruka. Chala chachikulu chakumanzere chinapindika pang'ono, akuti khasu linaphonya mzere ali mtsikana. Zidendene zinali ndi ming'alu yoti nyerere n'kuchitiramo msonkhano. Patapata wakumanja anali womangidwa ndi waya. Ndinkadziwanso kachifuwa kawo kabodza, kaja ankatsokomola asanakhote pakona ya nyumba kuti ndipeze nthawi yosowa. Ndinkadziwa mawu awo, ndi dzanja lawo likamakankhira mbale ya mbatata pansi pa chitseko cha nsungwi. Koma nkhope, ayi.

Ngakhale tsiku la maliro, nthawi yoona nkhope itakwana, ndinalowa pamzere ngati wina aliyense. Nditafika pabokosi, khosi linangodziweramira lokha. Linazolowera. Ndinadutsa ndikuyang'ana kumiyendo.

Mwayamba kuona kumene tikupita, eti?

Sabata yatha laputopu inayamba kudandaula kuti yakhuta. Ndinali ndi mayeso oti ndilembe, choncho ndinakhala pansi kuti ndisese zinyalala. Ndinafufuta nyimbo zakale, ndinafufuta mayeso a ana amene pano ali ndi ana awo. Kenako ndinatsegula kafayilo kena kopanda dzina lomveka, manambala okhaokha.

Abale anga, panatuluka mzimayi.

Wakhala panjinga yamoto yofiira. Alibe duku, tsitsi lapesedwa bwino. Dzanja lili pahandulo ngati njingayo ndi yake. Ndipo akuseka, kuseka kwenikweni, mano onse panja, maso ali pa ine.

Mwamuna aliyense wokwatira akudziwa funso limene limabwera nthawi ngati imeneyi. Sindinafunse kuti ndi ndani. Ndinafunsa kuti, "Mayi a Takondwa akachiona ndidzati chiyani?" Ndinaganiza kuti chinabwera ndi fulashi ya mphunzitsi mnzanga wina amene mbiri yake sitiikamba pagulu. Ndinacheuka kukhomo. Ndinadina. Kompyuta, mwaulemu wake, inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati ndatsimikiza. Ndinapita kubini ya m'kompyutamo, ndinaikhuthula. Inandifunsanso. Ndinatsimikizanso. Kenako ndinamwa tiyi ndi mtima wa munthu amene wapulumutsa banja lake.

Lolemba m'mawa mayi a Takondwa anati, "Bambo a Takondwa, tatsegulani makina anuwo muike chithunzi cha amayi m'fulashi yatsopanoyi. Tamanda akudutsa mawa, apita nacho kutauni."

"Chithunzi chiti?"

"Chija akhala panjinga yamoto."

Tiyi amene anali kukamwa kwanga anakana kupita kutsogolo, anakananso kubwerera. Anangoima. Ndikukhulupirira kuti mpaka pano ali pomwepo.

Ndinatsegula laputopu n'kuyamba kufunafuna chinthu chimene ndinkadziwa kuti mulibe. Kodi munayamba mwafunapo mbuzi imene munaigulitsa nokha, mwini wake akuthandizani kuyang'ana m'tchire? Ndinatsegula mafoda onse. Ndinagwedeza mutu. Ndinapukusa milomo.

"Chili kuti?"

"Mwina ndi vayilasi," ndinatero.

Onani, sindinaname. Ndinati mwina. Mwina si bodza. Mwina ndi msuweni wake chabe.

Mkazi wanga sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangokhala pampando, manja pamiyendo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti Takondwa adzakula osawadziwa agogo ake. Ine ndemwe nkhope yawo yayamba kundithawa. Ndikatseka maso ndimaona duku lokha." Anadzuka n'kupita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Apa m'pamene ndinachita cholakwa chachiwiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula, mng'oma ndi njuchi zomwe. Ndinamva kuti kuli mapulogalamu obwezeretsa zinthu zofufutidwa, choncho ndinagula bandulo n'kuyamba kukopera m'laputopu momwemo chilichonse chimene chinalonjeza chozizwitsa. Ina inandiuza kuti ndawina foni. Ina inayamba kulankhula chinenero chimene sichinamvekepo pa Namitete. Ina inagwira ntchito mpaka kumapeto, kenako inati yaona zinthu zambiri koma siinena. Pofika madzulo laputopu inali itakhutanso, ndipo Naphiri sanaoneke.

Lachiwiri m'mawa anafika mlamu wanga Tamanda, mng'ono wa mkazi wanga, amene amagwira ntchito ya makompyuta kutauni. Inu mukudziwa kuti mlamu ndi munthu yekhayo amene malamulo a dziko lino amamulola kukunyoza m'nyumba mwako akudya chakudya chako.

"Alamu, mwatani?"

"Vayilasi, mlamu."

Anatsegula, anadinadina, anandiyang'ana cham'mbali. "Vayilasi yanuyi ndi yaukhondo bwanji? Yadya chithunzi chimodzi, yasesa, yakataya ndi bini yomwe. Ikadzafuna ntchito mundiuze, kunyumba kwanga kulibe wosesa."

Ndinayang'ana kudenga. Kunali kangaude. Ndinamusilira.

"Nanga izi mwaikamo dzulozi n'chiyani?"

"Ndimayesa kuthandiza."

Tamanda anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Alamu, tamverani. Ndikuuzani ngati mwana wa mlimi, poti za makina zakukanikani. Mukafufuta chinthu, kompyuta sikumba mtedza m'munda. Imangozula zikhomo za malire n'kulengeza kuti munda uwu ulibe mwini. Mtedza umakhala uli pansi pomwepo, wosakhudzidwa. Pulogalamu yobwezeretsa imangoyenda m'mundamo n'kumafukula. Koma wina akabwera n'kulima pamalopo, n'kubzala fodya wake, mtedza uja wapita. Ndiye chinthu chikafufutika mwangozi, lamulo loyamba ndi ili: chotsani manja. Osasungamo kanthu. Osakoperamo kanthu. Inu mwalowetsamo thalakitala."

"Ndiye kuti zatha?"

"Sindikudziwa. Tipemphere kuti thalakitala yanu inaphonya mzere."

Sanaike pulogalamu yake m'laputopu. Anaiyendetsa kuchokera m'fulashi yake, ndipo analumikiza kabokosi kena kosungira zinthu kuti zonse zofukulidwa zizigwera m'menemo. Akuti sufukula mtedza n'kumaukwiriranso m'munda womwewo. Pulogalamu inayamba yayang'ana mwachangu, pamwamba pokha. Inapeza nyimbo ndi mayeso. Naphiri ayi. Tamanda anati, "Tipite pansi." Anadina pena, ndipo pasikirini panaoneka kamzere kobiriwira kakukwawa.

Kamzere kameneko ndi chinthu chochedwa kwambiri chimene ndinachionapo. Bilimankhwe anadutsa pawindo, anapita kudambo, anabwerako ali ndi banja, kamzere kali pomwepo. Izi ndinaona ndi maso anga.

Tili chidikirire, panja panalira belu la njinga. Anali a Chimpeni, malume ake a mkazi wanga, mlongo wawo wa malemu, mwini mbumba yense. Anapalasa kuchokera kumudzi chifukwa anamva kuti mlongo wawo wasowa m'makina. Analowa, anavula chipewa, anapereka moni kwa ife, kenako anagwedezera mutu laputopu, poti simudziwa.

"Akamwini, ndamva kuti mwasokoneza manda."

"Tikukonza, amalume."

"Madzi akatayika saoleka," anatero a Chimpeni, akukhala pampando wa kumbuyo kwanga.

"Awa amaoleka, amalume," anayankha Tamanda, "koma amabwera ndi matope."

Mawu amenewo sindinawamvetse mpaka kamzere katafika kumapeto.

Pulogalamu yobwezeretsa ilibe ulemu. Sisankha. Sifunsa kuti ichi mwini wake anachitaya mwangozi kapena anachikwirira dala, n'kupondapo, n'kubzalapo nthochi. Imafukula zonse. Ndiponso zimabwera zopanda maina, manambala okhaokha, ngati akaidi. Kuti udziwe kuti ichi n'chiyani uyenera kutsegula chimodzichimodzi. Tamanda anakankhira laputopu kwa ine. "Tsegulani, alamu. Zinyalala ndi zanu."

Ndinatsegula choyamba: mbuzi. Chachiwiri: mayeso a masamu. Chachitatu: ine.

Ndiyenera kufotokoza. Pa zisankho zina zapitazo anthu angapo, ndikutanthauza awiri, anandiuza kuti ndili ndi nkhope ya khansala. Ndinabwereka suti, ndinapita kuseri kwa sukulu, ndinajambulitsa zithunzi za kampeni. Pambuyo pake nzeru zinabwerera, ndinafufuta zonse, ndipo nkhaniyo inafera pomwepo. Kapena ndinkaganiza choncho.

Ndinatuluka pasikirini nditakweza chibakera. Ndinadina. Ndinatuluka ndikuloza kutsogolo, kumene kuli chitukuko. Ndinadina. Ndinatuluka nditanyamula khasu nditavala suti, kapepala ka mtengo wake kakadali pamkono.

"Akamwini," anatero a Chimpeni mofatsa, "munkaimira chiyani? Ife kumudzi sitinamve."

"Zinali zoyeserera, amalume."

"Khasulo mwaligwira chadodolido."

Tamanda anali atagwa pampando. "Olemekezeka! Pitirizani, olemekezeka, anthu anu tikudikira mijigo!"

Ndinayamba kudina mofulumira. Thukuta linatsika mumsana, linadzaza nsapato. Maso anga ankafuna chinthu chimodzi: njinga yamoto yofiira. Ndinadutsa zithunzi za ukwati wa munthu wina, ndinadutsa galimoto imene si yanga koma ndaitsamira, ndinadutsa mbale ya tchipisi imene sindikukumbuka chifukwa chimene ndinaijambulira. Zina zinabwera zathunthu, zina zong'ambika, theka chithunzi theka phulusa. Njinga yofiira, njinga yofiira. Ndinadutsa chithunzi china chowonongeka, mutu wa mzimayi pamwamba, pansi ponse potuwa. Palibe njinga. Ndinadina.

"Bwererani."

Anali mayi a Takondwa. Anaima pakhomo, beseni m'manja. Sindinadziwe kuti anali pomwepo.

"Bwererani kumbuyo, bambo a Takondwa."

Ndinabwerera.

Beseni linagwa. "Amayi."

A Chimpeni anaimirira pang'onopang'ono, chipewa pachifuwa. "Naphiri," anatero, ngati akuitana munthu amene ali kuseri kwa nyumba. "Iwe Naphiri, ukuseka chiyani?"

Chithunzi chinabwera, koma osati chonse. Kuyambira kumutu mpaka m'mapewa chinali chathunthu, chowala, diso lililonse pamalo pake. Kuyambira m'mapewa kutsika, phulusa lokhalokha. Thalakitala yanga ya Lolemba inalima pomwepo. Njinga yamoto inapita. Diresi linapita. Mapazi anapita.

Mwamva? Kompyuta inabweza apongozi amene sindinkawadziwa, n'kudya okhawo amene ndinkawadziwa.

Tamanda anapukuta maso, anasunga chithunzicho m'kabokosi kake, m'fulashi, m'foni mwake, anachitumiza kwa abale onse mpaka ndi amene sitilankhulana nawo. "Chikwana," anatero. "Wosindikiza amafuna nkhope basi."

Ndinaganiza kuti ndapulumuka. Koma a Chimpeni ndi munthu amene anaweruzapo milandu ya malire a minda, saiwala pamene phazi laponda.

"Akamwini, ine ndaona ngati munawadutsa."

Ndinayang'ana mapazi anga.

"Apongozi anu atuluka pagalasi, akukuyang'anani, inu n'kudina kupita kwina. Simunawazindikire?"

Pamenepo mwina uja anandithawa. Ndinanena zonse. Ndinati kunalibe vayilasi. Ndinati ndinaona mzimayi wachilendo panjinga yamoto, ndinaopa kuti mkazi wanga akamuona m'nyumba muno mukhala nkhondo, ndinamufufuta, ndinakhuthula bini. Ndinati nkhope imeneyi ndinali ndisanaionepo chikwatirire. Ndinalankhula zonsezi ndikuyang'ana pansi, poti ndiko kwathu.

A Chimpeni anabwerera pampando, chipewa pabondo. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Ine ndaona akamwini ambiri," anatero. "Aulesi ndawaona. Akuba nkhuku ndawaona. Koma waulemu chonchi, mpaka kufufuta apongozi ake chifukwa cha ulemu, uyu ndi woyamba. Tamanda, umulembe penapake, asadzasowe."

Ine ndinkadikira mawu a munthu mmodzi yekha. Mayi a Takondwa anatola beseni, analiika patebulo, anandiyang'ana.

"Ndiye mukuti munaona mkazi woti ine n'kuchita naye nsanje?"

"Eya."

"Amayi anga."

"Eya."

Anaseka, misozi ili m'masaya. "Akanamva zimenezi akanavala diresi lija sabata yonse."

Ndinayamba kupuma. Koma anali asanamalize.

"Koma mukudziwa, bambo a Takondwa, iwo nkhope yanu ankaidziwa bwino. Mukamadutsa ankasuzumira pampata wa mpanda. Ankandiitana n'kunena kuti, 'Mwamuna wako waonda, ukumupatsa chakudya?' Tsiku lina anati, 'Lero maso ake afiira, kusukulu kwavuta, usamuyambe.' Mbatata zija ankakankhira pansi pa chitseko mumayesa ankangoganizira? Ankayamba aona nkhope."

Abale anga, manyazi ali ndi masitepe. Zithunzi za khansala zinali sitepe yoyamba chabe. Apa ndinafika pansi penipeni, pamene ngakhale pulogalamu ya Tamanda singakufukule.

Ndakhala ndikuganiza za nkhaniyi kuyambira tsiku limenelo, ndipo sindikufuna mundimve molakwa. Sindikunena kuti mwambo wathu ndi woipa. Mtunda uja pakati pa mkamwini ndi apongozi wapulumutsa mabanja ambiri. Anthu amene sakhala pamphasa imodzi satukwanana. Ine ndi Naphiri sitinakanganepo ngakhale kamodzi, ndipo ndi akamwini angati a pasofa amene anganene zimenezo?

Koma mwambo womwewo tinausunga awiri, ndipo tinausunga mosiyana. Iwo anapatuka panjira koma sanasiye kundiona. Ine ndinapatuka n'kutseka ndi maso omwe, n'kumadzitama kuti ndine katswiri. Mwambo unati usawayang'anitsitse. Sunati usawadziwe. Zinazo ndinawonjezera ndekha chifukwa zinali zophweka. Kuwerama n'kosavuta. Munthu ukawerama sufunika kuona ngati mnzako watopa, ngati wadwala, ngati lero akufuna wocheza naye.

Ndipo si akamwini okha. Tiyeni tinene zoona. Ndi angati mwa ife amene timagwada bwino popereka moni kwa akuluakulu, manja kuwomba mokoma, mawu onse a ulemu kutuluka motsatana, koma sitingathe kunena chimene chimawaseketsa? Timawatumizira shuga ndi sopo. Timawalankhula mawu oyamba ndi "a" wa ulemu. Tikamva kuti adwala timafunsa kuti, "Apita kuchipatala?" n'kudula foni mayunitsi asanathe. Kenako akapita timathamangira kwa wosindikiza matisheti n'kuyamba kufunsana kuti, kodi ali ndi chithunzi ndani?

Tatsegulani foni yanu pompano. Muwerenge zithunzi za inu mwini mutatsamira galimoto ya eni ake. Muwerenge za chakudya. Muwerenge za anthu a ndale amene sakudziwani. Tsopano mufune cha azakhali anu. Ndikudikira.

Chinanso chimene chikundiwawa n'chakuti nzeru yosunga zinthu si yachilendo kwa ife. Naphiri yemweyo mbewu ya chimanga sankaisunga malo amodzi. Ina ankaipachika kukhitchini pautsi, ina ankaisiya m'chigubu, ina ankakasungitsa kwa mlongo wawo. Akuti anankafumbwe sadya nyumba zitatu tsiku limodzi. Ife ophunzira, a makina, tinatenga nkhope yawo imodzi yokhayo n'kuisiya malo amodzi, m'manja mwa munthu amene sankaidziwa n'komwe.

Ndiye ngati mukufuna phunziro la makompyuta, nali, laulere. Chinthu chikafufutika, chotsani manja pamakinawo, muitane wodziwa. Musakoperemo kanthu. Pulogalamu iyendere kunja, zofukulidwa zigwere kunja. Ndipo pofukulapo amalume asakhale kumbuyo kwanu. Koma dziwani kuti pulogalamu imabweza zokhazo zimene zinasungidwapo. Zimene simunazione n'komwe, palibe makina amene angazifukule.

Dzulo ndinatsegula chithunzi chija ndili ndekha. Ndinadzikakamiza kuyang'ana. Khosi linkafuna kuwerama, ndinaligwira ndi dzanja. Ndinaona kuti ali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo. Ndinaona kuti akaseka diso lakumanzere limatsinzina kuposa linzake. Ndinakhala pamenepo ndikudabwa kuti kuseka kumeneku ndinakuona kuti, mpaka Takondwa analowa kuchokera kusukulu, n'kundiseka chifukwa ndinagwira khosi ngati nkhuku yopita kumsika.

Kampata komweko. Diso lomwelo.

Ndakhala ndikudya ndi nkhope ya apongozi anga patebulo limodzi chibadwire mwanayu, osadziwa.

Matisheti afika lero. Tamanda wandipatsa yanga akuti, "Olemekezeka, iyi musaifufute, imachapidwa." Ndaivala kuti ndiyese. Naphiri ali pachifuwa panga, akuseka, opanda njinga, opanda mapazi. Ndapeza kuti munthu sangaone chimene chili pachifuwa pake pokhapokha atawerama. Choncho Loweruka kumanda, abusa akamapemphera, anthu adzaona mkamwini ataweramitsa mutu n'kunena kuti, taonani ulemu. Asiyeni anene. Kadzakhala koyamba kuti ndiwerame n'kukumana nawo maso.

Nanga inu, amene mumagwadira kumudzi kuja, amene akadali moyo ndipo akukusuzumirani pampata wa mpanda: atati atuluke lero pasikirini yanu opanda duku, akuseka, mungawazindikire, kapena mudina?